Ulendo wa Chimbale Chakale: Malonda a Magemu Ogwiritsidwa Kale Ntchito

Anthu a m'mbali mwa nyanja safuna mphunzitsi wowauza kuti mtengo wa nsomba pa gombe ndi wosiyana ndi mtengo wake pa msika. Usipa umene msodzi wa ku Msaka kapena ku Makawa amagulitsa m'mamawa uli wauwisi, umakafika ku Limbe utadutsa m'manja mwa woanika, wopikula, mwini galimoto ndiponso wogulitsa pa benchi, ndipo aliyense wa iwo amakhala atadyapo pang'ono. Msodzi amadandaula kuti amugula motchipa, wa m'tauni naye amadandaula kuti amudyera masuku pamutu, koma malondawo saima, popeza awiriwo sangakumane popanda anthu a pakati aja.

Pali katundu wina amene amayenda ulendo wofanana ndi umenewu, koma iye amachita kulowera kunyanja. Katunduyu ndi makina ndi zimbale za masewero a pa kanema, amene achinyamata amangoti magemu. Pa boma la Mangochi, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi m'misika ina kumene magetsi anafika, sikovuta kupeza kachipinda kamene anyamata amalipira ndalama pang'ono kuti apikisane pa mpira wa pa kanema. Makina ambiri a m'zipindazi ndi a mtundu wa PlayStation, ndipo ndi ochepa zedi amene anafika ali atsopano. PlayStation 2 inatuluka m'chaka cha 2000 ndipo kampani ya Sony inaleka kuipanga cha kumayambiriro kwa 2013, kotero kuti makina ena amene akulirabe lero ndi achikulire kuposa ana amene akuwasewera. Munthu wina kutali anawagula ali atsopano, natopa nawo, nawagulitsa. Wachinyamata amene wamaliza sukulu ndipo akulingalira zoyamba malonda otere, ayenera kuyamba wadziwa manja amene katunduyu amadutsamo ndi chimene dzanja lililonse limadyapo.

BWERA NDI CHAKALE, UTENGE CHATSOPANO

Gemu ndi yosiyana ndi khasu kapena njinga. Khasu limatha ndi kulima, koma gemu imatha mumtima mwa mwini wake chimbale chili chabwinobwino. Munthu akaisewera mpaka kumapeto, chilakolako chimazilala ndipo chimbale chija chimangokhala pa shelefu, chonsecho kwa munthu amene sanaisewerepo gemuyo ikadali yatsopano. Amalonda a ku America anaona msanga kuti pakati pa anthu awiriwa pali ndalama.

M'chaka cha 1988, David Pomije wa ku Minnesota anayambitsa kampani ya Funco imene inkagula magemu akale a Nintendo ndi kuwagulitsanso, poyamba kudzera pa positi ofesi, kenaka m'masitolo otchedwa FuncoLand. M'chaka cha 2000 kampaniyi inagulidwa ndi Barnes & Noble ndipo inaphatikizidwa ndi masitolo ena, n'kutulukamo GameStop, imene likulu lake lili ku Grapevine m'chigawo cha Texas. Ku London nako, m'chaka cha 1992, kunatsegulidwa sitolo yoyamba ya CeX, imene ntchito yake yaikulu ndi kugula ndi kugulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Mchitidwe wa masitolowa ndi umodzi: munthu amabwera ndi gemu imene watopa nayo, sitolo imamupatsa ndalama kapena kuponi yogulira katundu wina momwemo, ndipo gemu ija imaikidwanso pa malonda. A CeX amachita kulemba poyera mitengo itatu ya chinthu chimodzi: mtengo umene akugulitsira, ndalama ya m'manja imene angapereke kwa wobweretsa, ndi mtengo wa kuponi.

Intaneti itafala, malondawa anachoka pa kauntala n'kulowa m'nyumba za anthu. Kampani ya musicMagpie, imene inayamba mu 2007 ku Stockport m'dziko la England, inakonza njira yoti munthu azingolozetsa foni yake pa timizere takuda ta pa chikuto cha chimbale, ndipo mtengo umaoneka nthawi yomweyo. Akavomera, amalonga zimbale zake m'katoni ndi kutumiza ulere ku nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Kumeneko antchito amaziyesa, ndalama n'kutumizidwa kwa mwini wake, ndipo zimbalezo zimatsatsidwanso pa tsamba la kampaniyo ndi pa misika ikuluikulu ya pa intaneti monga eBay ndi Amazon. Mu 2009 Amazon nayo inayamba kulandira magemu akale posinthanitsa ndi makuponi ake. Mitengo yake saikhazikitsa munthu wokhala pa mpando, koma kompyuta imene imawerenga kuchuluka kwa zimbale zimene zili m'nkhokwe ndi liwiro limene zikutulukira. Zikaunjikana, mtengo wogulira umatsika tsiku lomwelo, zikasowa, umakwera.

PHINDU LAGONA PATI?

Ziwerengero zotsatirazi ndi zongoyerekeza, kuti masamu ake aoneke bwino. Gemu yatsopano ikugulitsidwa pa K100, ndipo mwini sitolo anaioda kwa eni ake pa K80. Phindu lake ndi K20. Patapita miyezi iwiri wogula uja wabwera nayo, ndipo sitolo yamuuza kuti asankhe pakati pa K25 ya m'manja ndi kuponi ya K35. Chimbale chija achipukuta, achiika m'chikuto chabwino, n'kuchigulitsa pa K65. Ngati mwini wake anatenga kuponi, sitolo yapindula K30. Ngati anatenga ndalama, yapindula K40. Chimbale chimodzi chomwecho chikhoza kubwerera katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse sitolo imadyapo, pamene amene anapanga gemuyo analandira kamodzi kokha.

Zimenezi si nthano. Malipoti a chuma a GameStop a zaka za pakati pa 2010 ndi 2015 ankaonetsa kuti pa dola iliyonse yochokera ku katundu wakale, masenti oposa 40 ankatsala ngati phindu asanachotse zolipira antchito ndi lendi, pamene pa magemu atsopano pankatsala masenti ongopitirira 20. Katundu wakale ndiye anali msana wa kampaniyo, ngakhale zikwangwani za pakhomo zinkatsatsa zatsopano.

Chifukwa chimene kuponi imakhalira yaikulu kuposa ndalama ya m'manja n'chofunika kuchimvetsa. Choyamba, kuponi ndi chingwe chomangira wogula: sangakaigwiritse ntchito kwina. Chachiwiri, kuponi ya K35 siidyera sitolo K35 yeniyeni, popeza katundu amene mwini kuponiyo adzatenge ali kale ndi phindu m'kati mwake. Chachitatu, munthu akalowa m'sitolo ndi kuponi, kawirikawiri amaonjezerapo ndalama ya m'thumba kuti akwanitse mtengo wa chimene wachisirira. Wogolosale wa kumudzi amene amalandira chimanga kapena nandolo posinthanitsa ndi sopo ndi mchere amadziwa nzeru yomweyi: amadya pa sopo, n'kudzadyanso pa chimanga.

Komabe si gemu iliyonse imene imasunga mtengo. Gemu ya mpira imene kampani ya Electronic Arts inkatulutsa pa dzina la FIFA kuyambira mu 1993, ndipo kuyambira mu 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imatuluka yatsopano chaka ndi chaka. Yatsopano ikangofika, ya chaka chatha imagwa mtengo ngati tomato wa madzulo, chifukwa anthu zikwizikwi amaibweza nthawi imodzi. Zimbale zotere, zimene eni masitolo a kunja amafuna kuzichotsa pa mtengo uliwonse, ndi zimene zimayenda ulendo wautali kuposa zonse. N'chifukwa chake m'kachipinda ka m'mbali mwa nyanja katswiri wa mpira amaoneka atavala yunifolomu ya timu imene anaisiya kalekale.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Wina akhoza kufunsa kuti, ngati mwini chimbale akulandira K25 ndipo wogula akulipira K65, bwanji awiriwo osangogulitsana okha pa K45? Ena amaterodi. Koma ambiri amalolera kudutsa kwa wapakati, ndipo chifukwa chake ndi mantha. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chimbale chikhoza kunyezimira koma chili ndi kamng'alu kamene kamaimitsa gemu pakati, ndipo makina akhoza kuyaka bwino kwa mphindi khumi n'kuzima akatentha.

Katswiri wa za chuma wa ku America, George Akerlof, analongosola vutoli mu 1970 potengera chitsanzo cha magalimoto akale, ndipo maganizo akewo ndi amene anamupezetsa mphotho ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi anzake awiri. Iye anati pa malonda a chinthu chakale, wogulitsa amadziwa chilema chake pamene wogula sachidziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amangopereka mtengo wochepa pa chilichonse. Eni katundu wabwino akaona mtengo wonyozekawo amachotsa katundu wawo pa msika, ndipo pamatsala zoola zokhazokha. Motero bodza la anthu ochepa limapha msika wa anthu onse.

Ntchito yeniyeni ya masitolo akuluakulu aja ndi kuchotsa mantha amenewa. GameStop inamanga malo aakulu ku Grapevine kumene zimbale zimapalidwa ndi makina kuti mikwingwirima ichoke, ndipo makina osewerera amatsegulidwa, kupukutidwa fumbi, kusinthidwa zitsulo zakutha ndi kufufutidwa zonse za mwini wake wakale. Katundu amagawidwa m'magulu molingana ndi maonekedwe ake, ndipo gulu lililonse lili ndi mtengo wake. Pamwamba pa zonsezo pali lonjezo lolembedwa loti chinthucho chikafa m'kati mwa nthawi yakutiyakuti, wogula abwere nacho adzamusinthire kapena kumubwezera ndalama. Gawo lalikulu la kusiyana kwa K25 ndi K65 kuja ndi mtengo wa kuyesa, kukonza, kutaya zosakonzeka ndi kusunga lonjezolo.

KODI MWINI CHIMBALE NDANI?

Malonda onsewa atsamira pa mfundo imodzi ya malamulo, yakuti munthu akagula chinthu chenicheni kwa eni ake, ali ndi ufulu wochigulitsanso. Mfundoyi inakhazikika ku America mu 1908, pa mlandu wa pakati pa kampani yosindikiza mabuku ya Bobbs-Merrill ndi eni sitolo ya Macy's. Osindikizawo analemba m'buku lawo kuti lisagulitsidwe pa mtengo wochepera dola imodzi, koma sitoloyo inkaligulitsa pa masenti 89. Bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti mphamvu ya wosindikiza pa bukulo imathera pa kugulitsa koyamba. Ku Japan, kumene makampani opanga magemu anayesa kuletsa malonda a zimbale zakale, bwalo lalikulu linagamula mu 2002 kuti malondawo ndi ololedwa.

Opanga magemu sanagone nazo tulo. Mu 2010 Electronic Arts inayamba kuika nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha m'gemu yatsopano, kuti wogula chimbale chakale azilipira madola 10 apadera akafuna kusewera ndi anzake pa intaneti. Njirayi inadedwa kwambiri ndipo inathetsedwa mu 2013. M'chaka chomwecho Microsoft inalengeza kuti makina ake atsopano a Xbox One adzaika malire pa kubwerekana ndi kugulitsana zimbale, koma anthu anakwiya kotero kuti m'mwezi wa June kampaniyo inabweza ganizolo makinawo asanafike n'komwe pa msika.

Pano pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Kugulitsa chimbale chenicheni chimene munthu anagula ndi nkhani ina. Kukopera gemu pa zimbale zambiri kapena pa fulashi ndi kumagulitsa ndi nkhani inanso. M'Malawi, lamulo loteteza ntchito za luso la chaka cha 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limaletsa kukopera ndi kugulitsa ntchito ya mwini popanda chilolezo. Makina ambiri akale amafika atasinthidwa m'kati kuti azilandira magemu okopera, ndipo wachinyamata woyamba malonda ayenera kudziwa kuti pamenepo waponda pa nthaka yoterera.

NJIRA YA KU JONI

Katunduyu kuti afike ku Mangochi, njira yake yaikulu ndi ya ku South Africa, ndipo njirayi si yachilendo. M'masiku a Wenela ndi Theba, amuna obwerera kuchokera ku migodi ankafika ndi sutikesi, bulangete, wailesi, njinga ndi galamafoni pamodzi ndi zimbale zake. Kulemba anthu a ku migodi kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74. Kunayambiranso mu 1977 ndipo kunatheratu mu 1988. Koma ulendo wa ku Joni sunathe. Mangochi, boma limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndi limodzi mwa maboma amene achinyamata ake ambiri amapita kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba ndi m'minda ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Galamafoni ya agogo ija lero yasanduka foni, kanema ndi PlayStation.

Ku South Africa malonda a katundu wakale ndi okhazikika. Kuli masitolo monga Cash Crusaders ndi Cash Converters amene amagula, kulandira pinyolo ndi kugulitsanso, ndiponso misika ya pa intaneti monga Gumtree, Bob Shop ndi Facebook Marketplace. Lamulo la dzikolo la chaka cha 2009 lokhudza katundu wogwiritsidwa kale ntchito limafuna kuti wamalonda otere alembetse ku polisi, azilemba m'kaundula dzina ndi chiphaso cha aliyense womugulitsa katundu, ndiponso asagulitse katunduyo masiku asanu ndi awiri asanathe, kuti ngati ndi wakuba mwini wake amupeze. Lamulo lina loteteza ogula limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wopezeka ndi chilema.

Kuchokera kumeneko katundu amakwezedwa pa basi kapena pa magalimoto a anthu amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa Amalawi anzawo. Amadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa m'dziko pa Mwanza kapena pa Dedza; wina amatsika phiri la Golomoti kulunjika kunyanja, wina amadzera ku Blantyre ndi Liwonde. Pa sitepe iliyonse mtengo umanenepa: wonyamula alipidwe, msonkho wa pa chipata uperekedwe, ndipo randi igulidwe ndi kwacha imene mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Chodabwitsa n'chakuti pamene mtengo ukukwera, chitetezo cha wogula chimatsika. Lonjezo la miyezi isanu ndi umodzi lija limatsalira kutsidya kwa Limpopo, popeza palibe amene angabwerere mtunda wonsewo kukadandaula za makina amene afa. Wogula womaliza, amene ndi wosauka kuposa onse amene anagwirapo chinthucho, ndiye amalipira mtengo wokwera ndi kusenza yekha tsoka lonse.

MSIKA WA M'FONI

Ku Mangochi kulibe sitolo yaikulu yolandira magemu akale, koma msika wa pa intaneti ulipo, ndipo uli m'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wogulitsa amajambula chithunzi, amalemba mtengo, anthu amanenerera, ndalama imayenda pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndipo katundu amapatsiridwa kwa kondakitala wa minibasi. Kusinthanitsa nako kulipo: wina amapereka foni yake yakale n'kuonjezerapo ndalama kuti atenge yabwinopo, wina amapereka makina akale awiri kuti atenge amodzi atsopanopo. Zonse zimene masitolo a kunja amachita zilipo, kupatula zitatu: kuyesa kolongosoka, kaundula ndi lonjezo lolembedwa.

Pamene zitatuzi zikusowa ndi pamene akamberembere amalowera. Alipo amene amalandira ndalama n'kuzimitsa foni. Alipo amene amagulitsa katundu wakuba, chonsecho kulandira katundu amene munthu akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokayikira kuti ndi wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Palinso misampha imene si ya chinyengo koma ya umbuli. Zimbale za PlayStation 2 zinapangidwa motsata zigawo za dziko lapansi, kotero kuti chimbale cha ku America kapena ku Japan chimakana m'makina ogulidwa ku South Africa kapena ku Ulaya. Magetsi a ku Malawi ndi a mphamvu ya 230 volts pamene a ku America ndi a 120, ndipo makina ena akale opangidwira kumeneko amapsa akangolumikizidwa. Fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa mwezi wa October m'chigwa cha Shire zimatsamwitsa kachipupizira ka m'kati, ndipo magetsi obwera mwamphamvu atathima amapha makina ambiri. Safunsa anadya phula.

CHITSIME CHAYAMBA KUPHWA

Chinthu chachikulu chimene wolowa m'malondawa ayenera kudziwa n'chakuti kumtunda kwa mtsinje madzi akuchepa. Zimene opanga magemu analephera kuchita ndi malamulo, akuzichita pochotsa chimbale chenichenicho. Mu 2020 Sony inatulutsa PlayStation 5 ya mitundu iwiri, wina wopanda polowetsera chimbale, ndipo Microsoft inatulutsa Xbox Series S yopandanso polowetsera. Gemu ya mpira ya kampani ya Konami, imene ambiri ankaidziwa kuti Pro Evolution Soccer, inasintha dzina mu 2021 kukhala eFootball ndipo imangopezeka pa intaneti. M'maiko olemera anthu ambiri tsopano amatsitsa magemu awo pa intaneti, ndipo gemu yotsitsa imamangiriridwa ku dzina la wogula. Sangaibwereketse ngati buku, sangaiike pinyolo, sangaigulitse.

Zotsatira zake zaoneka kale. Masitolo a GAME a ku Britain analeka kulandira magemu akale mu February 2024, ndipo GameStop yatseka masitolo ake mazanamazana ndi kuchoka m'maiko angapo a ku Ulaya. Pa 31 March 2024 kampani ya Ubisoft inazimitsa makompyuta amene ankayendetsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew, ndipo ngakhale amene anali ndi chimbale chake m'manja sanathenso kuisewera. Chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza ogulitsa pa intaneti kuuza anthu poyera kuti chimene akulipira ndi chilolezo chogwiritsa ntchito, osati umwini. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno wapeza tanthauzo latsopano.

Kwa mnyamata wa ku London kusinthaku ndi kovutitsa pang'ono chabe. Kwa wa ku Makanjira kapena ku Malindi ndi khomo lotsekeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba imodzi yokha mwa khumi m'Malawi ndi imene inkaunikira ndi magetsi, ndipo gemu yaikulu ya masiku ano imafuna bandulo imene mtengo wake ndi wosayerekezeka ndi thumba la wophunzira. Chimbale chakale chinali mlatho umene unkalola kuti chisangalalo cha olemera chidzafike kwa osauka patapita zaka khumi. Chinthu chimene sichingagulitsidwe kachiwiri sichidzafika konse kwa wogula wachitatu ndi wachinayi. Ndipo zimene zikuchitikira magemu zikuchitikiranso nyimbo, mafilimu ndi mabuku a sukulu. Aphunzitsi amene anakula akuwerenga buku lolembedwa maina a ophunzira asanu pa chikuto, ayenera kufunsa kuti buku la pa intaneti lidzasiyiridwa bwanji mng'ono wa mwini wake.

Kumapeto kwa ulendowu kulinso vuto la zinyalala. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizinakwane gawo limodzi mwa magawo anayi. Makina akafera ku Mangochi palibenso wina kunsi woti awalandire. Amathera kudzala kapena pa moto, ndipo mtovu ndi mankhwala a m'mabatire zimatsata madzi a mvula kulowera kumene kumachokera chambo.

ZOTI WACHINYAMATA ATOLEPO

Wachinyamata amene wamaliza Fomu 4 ndipo wapeza kampamba kochepa asaganize kuti phindu lagona pa kugula motchipa ndi kugulitsa modula basi. Poyerekezanso chabe: wapikula zogwirira khumi, zimene anyamata amazitcha mapadi, pa K100 chilichonse, ndipo kunyamula ndi msonkho zadya K300. Zonse pamodzi ndi K1,300. Akagulitsa chilichonse pa K160 ayembekeza K1,600. Koma ziwiri zikapezeka zakufa, asanu ndi atatu otsalawo abweretsa K1,280, ndipo wagwa ndi K20 asanawerengere n'komwe thukuta lake. Akadziwa kutsegula ndi kukonza ziwiri zija, malonda omwewo amupatsa K300. Funso lotere mphunzitsi wa masamu akhoza kulilemba pa bolodi pophunzitsa za phindu ndi kuluza, ndipo ophunzira angalimve msanga kuposa funso la malalanje.

Chotero chuma chenicheni cha wamalonda a katundu wakale ndi luso ndi mbiri yabwino. Ayese chinthu chilichonse pamaso pa wogula, osati kwa mphindi ziwiri koma mpaka chitenthe. Akhale ndi kope lolembamo dzina la womugulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika ndi nambala ya makinawo. Anene chilema poyera ndi kutsitsa mtengo molingana nacho. Apereke lisiti yolonjeza kusintha kapena kukonza m'kati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mtengo wa lonjezolo auwerengere pa mtengo wogulitsira, monga amachitira masitolo akuluakulu. Ngati watsegula chipinda chosewereramo, asalole ana ovala yunifolomu pa nthawi ya maphunziro ndipo asalole kubetcha, chifukwa makolo, aphunzitsi ndi mafumu akamuda, malonda ake sadzaona chaka chachiwiri.

Ndipo asamange nyumba yake pa chimbale chokha. Makina amene ali kale m'dziko adzafuna wowakonza kwa zaka zambiri, koma zimbale zatsopano zidzanka zichepa. Luso lotsegula makina, kupeza pamene pafa, kuotcherera waya ndi kusintha kachitsulo, limene maphunziro a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA angalikulitse, ndi lomwelo limene limafunika pa foni, pa wailesi, pa kanema ndi pa magetsi a dzuwa amene akufalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Katundu wa pa benchi adzasintha monga galamafoni inasiyira malo kaseti, koma munthu amene anthu a dera lake amamudziwa kuti amayesa asanagulitse, ndipo akalonjeza amachita, adzakhala ndi ogula ngakhale chimbale chomaliza chitaleka kuzungulira.